Usiku Umene Nyumba Yofiira Inagwada

Kagalasi koyamba anakaona ndi Wailesi, ndipo musadabwe nazo, chifukwa m'tauni monsemo munalibe kanthu kamene kankachitika mtsikana ameneyu osayamba ndiye kukaona n'kukafalitsa. Dzinalo anam'patsa ndi aphunzitsi a masamu tsiku lina atatopa naye, pamene anafunsa kalasi yonse ngati alipo wodziwa pozimitsira pake. Panalibe. Dzina linakanirira.

Linali Lolemba, dzuwa litapendeka, iye akuweruka kusukulu. Anakwera masitepe atatu a khonde la Nyumba Yofiira, pomwe amayi ake ankasokera, ndipo asanapereke n'komwe moni maso ake anagwera pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa amayi akewo. Pamenepo panali mng'alu wakale umene aliyense anauzolowera. Koma lero pamng'alupo panapingasa kagalasi kotalika ngati chala, kopyapyala, kodulidwa mwaluso, kokhala ngati kamlatho, uku ndi uku katamatidwa ndi phala loyera la laimu lomwe linali lisanaumitsitse.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Amayi ake anatembenuka, mapini ali kukamwa. Ataona, analavulira mapiniwo m'manja.

"Choka apo! Wakhudza?"

"Sindinakhudze, ndangonunkhiza."

"Ha! Mwana uyu adzandipha ine."

Wometa, amene anali ndi mpando wake kumapeto kwa khonde, anabwera lumo lili m'manja, nasuzumira. "Achemwali, musaope. Nyumbayi yakalamba, maso afooka. Yayamba kuvala mandala."

Matelala atatu enawo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwapakhosi, ndipo palibe amene anayandikira. Amayi a Wailesi anatenga sizasi yakale, napala kagalasiko, n'kukakaponya m'ngalande. Sizasiyo sanaibwezerenso m'thumba la nsalu za anthu. Inagona panja.

Nyumba Yofiira imeneyi muidziwe bwino, chifukwa simudzaionanso. Inali nyumba yoyamba ya njerwa zootcha m'tauniyo, ya makoma ochindikala moti mwana akanatha kugona pawindo osagwa, ya nsanamira zisanu ndi imodzi zonenepa ngati mitengo ya m'nkhalango. Poyamba ankaweruziramo milandu. Kenaka inakhala positi, momwe akazi ankadikirira makalata a amuna awo opita kutali. Kenaka holo yake yaikulu inakhala ya kanema ndi maukwati, ndipo amayi a Wailesi ankati ndi m'menemo mmene malemu bambo ake anawapondera chala povina, n'kupepesa, n'kupepesabe, mpaka kuwakwatira. Kenaka inangotsekedwa. Udzu unamera padenga, kamtengo kanazika mizu pakati pa njerwa za kumwamba, nkhunda ndi mileme zinagawana zipinda. Chaka chilichonse kunkabwera anthu a mataye atanyamula mapepala, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kunena kuti, "Iyi ndi mbiri yathu, tiyenera kuikonza," kenaka n'kukwera galimoto, fumbi koboo. Chamoyo chinatsala ndi khonde lokha: matelala anayi ndi wometa. Dzuwa likalowa, makina osokera ankatsekeredwa m'kachipinda ka m'kati, pafupi ndi khomo lalikulu. Mlonda wake anali amalume a Wailesi, ndipo m'kachipinda kawo munali babu limodzi lokhalo loyaka m'nyumba yonseyo. Pansi pa babu limeneli ndi pamene Wailesi ankawerengera madzulo alionse, poti mayeso omaliza anali pafupi ndipo kwawo kunalibe magetsi.

Lachiwiri m'mawa timagalasi tinali titatu. Kamodzi kanabwerera pamalo pomwe paja, kumbuyo kwa mpando, ngati kakuseka sizasi ya dzulo. Kena kanali pansanamira. Kachitatu kanali pamwamba pa khomo, kutali koti munthu sangafikeko popanda makwerero.

"Achimwene, inu mumalondera kapena mumagona?" anafunsa amayi a Wailesi.

"Ine kugona? Diso langa silitsinzina, achemwali."

"Nanga ichi chakwera bwanji apo, diso lanu lili gwa?"

Amalume anayang'ana pamwamba pa khomo nthawi yaitali, nakanda m'mutu.

Pofika masana nkhani inali itazungulira tauni yonse, ndipo kunena zoona theka la ntchitoyo anaigwira ndi Wailesi pa nthawi yopuma kusukulu. Ena ankati ndi telala wina wa kumsika amene akusirira khondelo ndipo akufuna kuthamangitsa anzake ndi mankhwala. Ena ankati ndi mizimu ya anthu amene anaweruzidwa molakwa m'nyumbamo kalekale, yabwera kudzaika zizindikiro. Mayi wogulitsa nthochi analumbira kuti anaona kamoto kakuyenda kokha m'mawindo a holo, kakukwera, kakutsika. Matelala anapalanso timagalasito tonse, kapamwambako anakagogoda ndi ndodo, napemphera, nayamba ntchito. Koma makina tsiku limenelo ankalira modukizadukiza, chifukwa aliyense ankati akasoka pang'ono n'kucheuka.

Lachitatu, cha m'ma eyiti, kunja kuli bii, Wailesi anali pansi pa babu lija akulimbana ndi buku la sayansi. Amalume anali pampando wawo pakhomo, atakumbatira chibonga. Tauni inali itayamba kuzizira: wailesi yeniyeni ya m'sitolo yoyang'anana nayo inali itazimitsidwa, galu wina ankauwa kutali mosafuna. Ndiye kuchokera m'kati mwenimweni mwa nyumba, kuseri kwa chitseko cha holo, kunamveka kamawu kamodzi, kakang'ono, koyera, ngati supuni yakhudza kapu.

Thii.

Wailesi anadzutsa mutu.

"Amalume," ananong'ona, "mwamva?"

"Khoswe ameneyo."

"Khoswe amamwa tiyi?"

"Werenga, iwe."

Panapita kanthawi, kenaka padenga panatsika kamchenga, waa, n'kugwera patsamba la buku lake, kofiira, ngati munthu wakapopera. Kenaka, chapatali pang'ono kusiyana ndi poyamba paja: thii.

Mtsikana wina akanathawa. Wailesi anatenga tochi. Amalume anayesa kum'gwira diresi, koma ataona kuti atsala okha mumdima anam'tsatira, chibonga chili patsogolo, iwo ali pambuyo. Chitseko cha holo chinalira ngati chikudandaula, ndipo fungo la mileme ndi njerwa zonyowa linawalandira. Abale inu, kukula kwake kwa holo imeneyo! Kuwala kwa tochi kunkapita n'kutha kusanafike kudenga. Ndipo makoma onse ankanyezimira. Timagalasi tinali ponseponse, makumi awiri kapena kuposa, pamng'alu uliwonse, m'munsi, pakati, m'mwamba, tikuphethira pamene tochi ikudutsa ngati maso a tizilombo tobisala. Wailesi anayandikira kamodzi. Kanali katathyoka pakati, ndipo zidutswa ziwirizo sizinali zoyang'anana: china chinali chitatsika pang'ono, ngati kuti dzanja losaoneka lachikankhira pansi.

"Tiye, tiye, tiye," anatero amalume.

Koma tochi inali itagwera kale pa zithunzi. Kukhoma la kumapeto kunali mzere wa zithunzi zakale za m'mafelemu: oweruza, akalaliki a positi, gulu la oimba, akwati ndi akwatibwi, anthu amene anamanga tauniyo, onse anamwalira kalekale. Wailesi ankazikumbukira zikunyezimira kuseri kwa magalasi a fumbi. Tsopano magalasiwo panalibe. Nkhope zinali pamtunda, zopanda chophimba, ndipo maso awo ankayang'ana tochiyo mwachindunji, ngati anthu amene atsegula mawindo kuti aone amene walowa.

Amalume sanathamange, ayi. Anangoyenda msanga kwambiri moti chipewa chinatsala.

Lachinayi amayi ake anamuletsa kukawerengeranso kumeneko. Wailesi analira, analonjeza, anatchula mayeso, anatchula malemu bambo ake, anayankhula osapuma mpaka amayi ake anagwira makutu n'kunena kuti, "Pita, pita, koma naini ikakwana ndikuone pano." Amalume usiku umenewo anasamutsira mpando wawo kutsidya kwa msewu, nati kumeneko ndi kumene nyumba imaoneka bwino yonse.

Choncho Wailesi anali yekha pansi pa babu pamene anamva mawu ena atsopano. Sanali thii uja. Kunali kukwekwesa kwapang'onopang'ono, kwiii, ngati chikhadabo chikuyenda pa mbale, kenaka tswa. Chete. Kwiii. Tswa. Pansi pa chitseko cha holo pankatuluka kuwala kofooka, kachikasu, kogwedezeka. Anavula nsapato, nazisiya pa buku, nayenda chonyang'ama, nakankha chitseko ndi chala chimodzi.

Makwerero anali atatsamira kukhoma, ndipo pakati pa holo panali kandulo. Pambali pake panagwada munthu wamng'ono thupi, wa imvi mbuu, atayala galasi pa thumba, akulilemba ndi kachitsulo motsatira rula, kenaka n'kulithyola ndi zala ziwiri. Chithunzithunzi chake chinali chitakwera khoma lonse mpaka kudenga.

"Tseka chitseko, mwanawe," anatero osacheuka. "Mphepo izimitsa kandulo."

Wailesi anawazindikira. Anali Amisiri, nkhalamba yomwe inamanga theka la nyumba za m'tauniyo isanapume ntchito, yomwe masiku ano anthu ankati mutu wake unasokonekera chifukwa inkaima pamsewu n'kumayankhula ndi makoma.

"Agogo! Ndinu? Mwalowera pati? Bwanji mukutiopseza? Amalume chipewa chawo..."

"Chili apo, ndachipachika. Nong'ona. Ndalowera kukachitseko ka kumbuyo. Ndinakaika ndine, zaka makumi anayi zapitazo, ndipo palibe amene anandifunsa kiyi." Anam'kodola. "Bwera, uone. Khoma likamasuntha, diso la munthu silingaone. Koma galasi silidziwa kutanuka. Ukalimata mbali ziwiri za mng'alu, khoma likangosuntha ngakhale ngati tsitsi limodzi, limathyoka. Amene anandiphunzitsa ntchito ankatero, ndipo sanaphonyepo. Loyamba ndinaika chaka chatha, linakhala miyezi inayi. Lachiwiri linakhala mwezi umodzi. Dzulo athyoka asanu usiku umodzi."

Wailesi anacheukira kukhoma. "Ndiye kuti..."

"Ikupita, mwana wanga. Madzi anadya pansi, mizu inatsegula pamwamba. Khoma la kukhonde ndi limene liyambe."

"Limene amatsamira amayi?"

"Lomwelo."

"Nanga osawauza bwanji?"

Amisiri anaseka kaphwete kopanda chimwemwe. "Makalata ndinalemba asanu kwa eni mataye aja. Pakhonde ndinabwera masana kawiri. Wometa anandipatsa mpando, nati andimete mpala kuti mutu upite mphepo. Ndinati ndiwaikire magalasi pomwe akhala, aone okha akathyoka. Iwo n'kumawapala ndi sizasi!" Analoza zithunzi zija ndi chibwano. "Awa ndinawapempha magalasi awo. Sanakane. Nyumba ndi yawo."

Kenaka anam'gwira dzanja, napita naye kukhoma lalikulu. "Ika khutu apa. Usapume."

Njerwa zinali zozizira patsaya. Poyamba sanamve kanthu koma magazi ake omwe. Kenaka, kutali, m'kati mwenimweni, anamva: kulira kwapansipansi, kwapang'onopang'ono, ngati munthu wamkulu akukukuta mano m'tulo, kamchenga kakutsika m'njira zake zobisika, kenaka kanthu kena kakuya kwambiri kamene sikanamveke m'khutu koma m'chifuwa, ngati nyama yaikulu yotopa ikufuna pogona. Wailesi anatseka maso. Zaka zonsezi ankaganiza kuti nyumbayi ndi chinthu chakufa. Misozi inatsika yokha, ndipo sanadziwe ngati ndi ya mantha kapena ya chiyani.

"Yanyamula denga limeneli zaka zoposa zana," ananong'ona Amisiri. "Popanda woithokoza. Yatopa."

Anafika kwawo akuthamanga, nsapato zili m'manja, akufuula asanatsegule n'komwe chitseko. "Amayi! Si mizimu! Si mankhwala! Ndi Amisiri, ndawaona ndi maso anga, ali ndi kandulo ndi rula, ndipo chipewa cha amalume chilipo, ndipo galasi silitanuka, amayi, ndipo ndaimva nyumba ikupuma!"

"Khala pansi. Yamba bwino."

Anayamba bwino. Koma atafika pa khoma la kukhonde, nkhope ya amayi ake inatsekeka.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pamenepo. Makasitomala anga amandipeza pamenepo. Iwe wakula ndi khonde limenelo, sukulu ukupita ndi khonde limenelo. Ndichoke chifukwa nkhalamba yopenga yathyola magalasi? Mng'alu umenewo ndinaupeza."

Wailesi sanagone bwino. Koma m'mawa wa Lachisanu, asanapite kusukulu, anatsagana ndi amayi ake kukhonde, natenga tepi yoyezera imene inali pakhosi pawo, nawapatsa m'manja.

"Amisiri musawakhulupirire. Inenso musandikhulupirire. Koma tepi yanu munati sinama. Yezani mng'aluwo ngati mukuyeza chiuno cha munthu, mulembe, madzulo muyezenso."

"Iwe ukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi, amayi. Ndikufuna mundiyankhe kuti kansalu kamene mumapinda pansi pa mwendo wa makina, kale kanali kamodzi, lero tili tingati?"

Amayi ake anayang'ana pansi pa makina. Tinali tinayi. Kenaka anagwada, nayeza mng'aluwo, nalemba pakhoma ndi choko chosokera.

Poweruka, Wailesi anapeza makina a amayi ake ali zii. Iwo anali chikhalire, tepi ili m'manja, pakhoma pali mizere itatu ya choko. Kunali kutagwa kamvula masana, ndipo khonde lonse linkanunkha dothi.

"M'mawa chala changa chaching'ono sichinkalowa," anatero motsitsa mawu. "Tsopano chala chachikulu chikulowa n'kutembenuka."

"Ndiye tisamuke lero!"

"Tisamukire kuti usiku uno? Ndili ndi mayunifolomu makumi atatu ofunika Lolemba. Mawa ndimaliza, Lamulungu tisamuka. Yaima zaka zana, siingalephere masiku awiri."

Anzawo aja anavomereza, wometa anati iye achoka nyumbayo ikam'lembera kalata, ndipo makina onse anayi anatsekeredwa m'kachipinda kaja monga mwa masiku onse, a amayi a Wailesi kumapeto kwenikweni.

Madzulo amenewo Wailesi sanatsegule buku. Amisiri anabwera poyera, osabisala, ndipo atatuwo ndi amalume anatulutsa zithunzi zonse zija n'kuzitsamiritsa kukhoma la sitolo ya kutsidya kwa msewu. Kenaka anakhala pomwepo, pansi, moyang'anana ndi Nyumba Yofiira. Mitambo inali itachoka, mwezi unali utatuluka, ndipo nyumbayo inaima yakuda, yaikulu, kamtengo kake kali pamutu ngati nthenga. Palibe amene ankayankhula. Ngakhale Wailesi.

Thii.

"Limodzi," anatero Amisiri.

Thii. Thii.

Kenaka nkhunda zonse zinadzuka nthawi imodzi, usiku, phaphapha, n'kuzungulira denga osatera. Mileme inatuluka m'mawindo ngati utsi. Ndipo m'katimo magalasi anayamba kuimba, thii, thii-thii, thii, kuchokera kumapeto kwa holo kubwera kukhomo, motsatana, ngati wina akuyenda m'mbali mwa khoma akuwakhudza ndi chala mmodzimmodzi.

Amisiri anaimirira popanda ndodo. "Ndi lero. Thamanga, mwanawe!"

Ha, kuthamanga kwake! Anadutsa msewu wa kumsika, anagogoda mawindo, anamenya zitseko ndi manja onse awiri, mawu ake aja amene aphunzitsi ankawadandaula akumveka mpaka kumalekezero a tauni. "Dzukani! Nyumba Yofiira ikugwa! Atelala, makina anu! Amayi! Amayi!" Nyali zinayaka nyumba ndi nyumba. Anthu anatuluka atafunda zofunda, ena opanda nsapato, ana ali kumsana. Pamene ankabwerera, amayi ake anali atam'pitirira kale, akuthamanga ngati mtsikana.

Chitseko cha kachipinda ka makina chinakana. Kiyi inkazungulira, koma felemu inali itapendekeka n'kuchiluma. Amalume, amene dzana anathawa zithunzi, anatenga chitsulo, ndipo iwo ndi wometa anachikanula mpaka chinang'ambika. Mchenga unkatsika pamitu pawo ngati mvula. Makina oyamba anatuluka. Achiwiri. Achitatu. Kenaka pamwamba pa khomo panalira chinthu, phwaa, ndipo njerwa zitatu zinagwera pamasitepe.

"Basi! Tulukani nonse!" anakuwa Amisiri. "Siyani!"

Onse anathawira kutsidya. Onse, kupatula mmodzi. Wailesi anaona msana wa amayi ake ukulowa mumdima wa khomo lija.

"Amayi!"

Wometa anam'gwira m'chiuno n'kumunyamula, iye akuponya miyendo. "Ndisiyeni! Amayi, asiyeni makinawo, ndisiya sukulu, ndisiya, bwererani!"

Ndipo apa ndi pamene panachitika chinthu chimene anthu a m'tauniyo akukambabe. Phokoso lonse linaleka. Kukukuta kuja, mchenga uja, magalasi aja, zonse zinati zii nthawi imodzi, ngati munthu wagwira mpweya. Nkhunda zinkazungulira m'mwamba popanda kumveka mapiko. Khoma la kukhonde linali litafufuma ngati mimba, aliyense ankaliona pa mwezi, ndipo mng'alu uja unali utatseguka moti babu la amalume linkawalira m'menemo. Koma silinagwe. Linaima. Anthu mazana awiri anaima nalo, kakasi, palibe wotsokomola. M'katimo munkamveka tizitsulo, kenaka mapazi, pang'onopang'ono, olemedwa.

Amayi a Wailesi anatulukira pakhomo atakumbatira mutu wa makina pachifuwa ngati khanda, duku litagwa, tsitsi lili psuu ndi fumbi. Anadutsa khonde. Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Pa yachitatu anapunthwa pa njerwa, khamu lonse linati "Mayo!", koma anadzigwira. Anayenda, anayenda, mpaka phazi lawo linaponda kutsidya kwa msewu, ndipo Wailesi anawagwera m'khosi, makina ali pakati pawo.

Ndiye Nyumba Yofiira inatulutsa mpweya.

Sinagwe ngati mtengo. Nsanamira ziwiri za pakati zinapinda ngati mawondo, mwaulemu, ndipo khonde lonse linatsika nazo. Denga linawerama, malata akulira ngati ng'ombe zambiri. Babu lija linaphethira kamodzi n'kuzima. Kenaka makoma a holo anatsamirana, anakhala ngati akukumbatirana kanthawi, n'kupita pansi pamodzi ndi mkokomo umene unagwedeza nthaka, unaliza mawindo a sitolo, unamveka m'mano. Fumbi linakwera tolo, lofiira ngakhale pa mwezi, lalitali kuposa mmene nyumbayo inalili, n'kuima m'mwamba ngati nyumba ina yopanda zitseko. Zithunzi zija, zotsamira kukhoma pakati pa miyendo ya anthu, zinkayang'ana nawo. Amuna anavula zipewa popanda wowauza. Mayi wina wokalamba anayamba kulira chapansipansi, akutchula ukwati wake. Fumbi litayamba kutsika, pamalo pamene panali denga panaoneka nyenyezi zimene munthu aliyense wa m'tauniyo anali asanazionepo ataima pamsewu umenewo.

"Tiwerengane!" anafuula amalume. "Atelala, muli anayi? Wometa? Ana onse ali ndi amayi awo?"

Anawerengana kawiri. Panalibe wosowa, panalibe wovulala, ngakhale chala! Wailesi ankalumpha, akulira, akuseka, akugwedeza aliyense amene anali pafupi. "Tonse tilipo! Mwamva? Tonse! Amayi alipo, makina alipo!" Wometa anapita kwa Amisiri, naima patsogolo pawo akupotokola manja, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka, nthabwala itam'thawa koyamba m'moyo wake.

Koma Amisiri sankamuona. Ankayang'ana mulu wa njerwa, akupukusa mutu. Amayi a Wailesi anaika makina pansi, nawayandikira.

"Bambo, tinakulakwirani. Munanena zoona."

"Ayi, mayi. Pamapeto pake ndinaphonya." Anayankhula motsitsa, moti Wailesi anachita kuyandikira kuti amve. "Pamene njerwa zitatu zija zimagwa, mtanda wa pakhomo unali utathyoka. Ndinaumva. Ukathyoka umenewo, khoma lilibenso chogwira, limatsika nthawi yomweyo. Ndagwetsapo nyumba, ndamangapo nyumba, zaka makumi asanu. Khoma lija silikanatha kuima ngakhale kuphethira kumodzi. Inu munali m'katimo nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi n'kuitsuka."

"Nanga chinaligwira n'chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Inakudikirani."

Amayi a Wailesi anawoloka msewu, Wailesi atawagwira chitenje, mpaka pamene panathera njerwa zogubuduzika. Anawerama, naika dzanja pa njerwa imodzi. Inali yofunda.

"Pepani, amayi," anatero kwa muluwo, monga mmene munthu amayankhulira ndi wamkulu amene wam'khumudwitsa. "Zaka zonsezi ndinakufulatirani, inu mukundisunga kumsana. Gonani tsopano."